Zikoti Zitatu za Phunziro la Chingerezi

Bokosi la chitsulo la adada linkakhala pansi pa bedi lawo kuyambira pamene ndinayamba kuzindikira zinthu. Linali lobiriwira, la loko wamkulu, ndipo ndi lomwe anabwera nalo mu Lilongwe kuchokera kwawo ku Mzimba ine ndisanabadwe. Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, adada analikoka pansi pa bedi paja, nalipukuta fumbi, nkuliika pabalaza pafupi ndi khomo la nyumba yathu ku Kawale, poti aliyense wolowa kapena kutuluka azilikhula ndi mwendo. Sanachulutse mawu. Anati andipezera malo mu Sitandade 8, ahedi avomera atawachonderera kawiri, ndipo ndikadzangochotsedwanso chifukwa cha ndewu, zovala zanga zidzalowa m'bokosilo, ine nkukwera basi kukalima fodya kwa mng'ono wawo kumudzi.

Kumudziko ndinali nditapitako kawiri kokha moyo wanga wonse. Chitumbuka changa ankachiseka ngakhale ana. Ine ndinali wa m'tauni, wa fumbi la ku Kawale ndi phokoso la magalaja a ku Biwi, ndipo zokakhala kumene galimoto imadutsa kamodzi pa tsiku sindinkafuna nkuziganiza komwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndevu zitayamba kale.

Sukulu ndinali nditaisiya zaka zinayi m'mbuyomo, mu Sitandade 8 momwemo, teremu yoyamba. Aphunzitsi ena ankandikwapula chifukwa chochedwa. Zikoti zitatu ndinapirira, chachinayi ndinachigwira m'mwamba, nkuchithyola pa bondo, nkuchiponya pa windo. Iwo atandigwira malaya ndinawakankha, anagwera pa desiki. Palibe anachita kundiuza kuti ndizipita. Ndinatenga makope anga nkutuluka ndekha, ndipo ndisaname, tsiku limenelo ndinkadzimva ngati munthu.

Zaka zinayi zimenezo ndinakhala kwa madala ena olemba zikwangwani ku Biwi. Tinkalemba pa makoma a magolosale, ma babashopu, ma saluni, kumbuyo kwa ma minibasi, kulikonse kumene munthu akufuna kuti odutsa aone. Madalawo anandiphunzitsa kujambula mizere iwiri ndi chingwe chopaka choko, kugwira burashi osapuma mpweya mpaka mzere utatha, ndi kulemba zilembo zazikulu zokhazokha. Ankati chikwangwani chimayenera kukuwa, chifukwa munthu wa pa njinga alibe nthawi yotsinzinira maso. Ndiye dzanja langa linazolowera kukuwa. Zilembo zazing'ono, zija zolumikizana zokhala ndi michira, zinachoka m'zala zanga osanditsanzika. Ndikati ndiyese, zinkatuluka ngati nyerere zopondedwa.

Tsiku loyamba kubwerera ndinapeza sukulu itadzaza moti makalasi ena anali pansi pa mitengo. Ife a Sitandade 8 tinali ndi chipinda, koma mothinana, atatu anayi pa desiki imodzi, ena pansi. Ine anandiika kumbuyo kwenikweni, pa ngodya, mawondo atatulukira m'mbali chifukwa pansi pa desiki sankakwana. Ana ankatembenuka kundiyang'ana, ndikawayang'ana nkutembenukanso msanga. Ambiri ankandidziwa. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditamenyana ndi munthu wamkulu pa mpopi wa m'dera lathu chifukwa anakankha ndowa ya amama pa mzere, ndipo nkhaniyo inayenda ndi zowonjezera zake.

Belu litalira analowa aphunzitsi a Chingerezi, kalasi yonse nkuimirira. Ine ndinachedwa kuimirira, osati mwamwano ayi, koma chifukwa ndinali nditauma. Anali mnzanga wa pa desiki imodzi wa zaka zija. Yemwe uja, wowonda, wa khosi lalitali, yemwe ndinkamulanda zitumbuwa pa buleki koma nkumamutetezanso kwa anyamata a ku Mchesi tikamaweruka. Iye anapitiriza sukulu, anafika Fomu 2, nkukhala pakhomo chaka chimodzi. Ana atachuluka m'masukulu, anatengedwa pamodzi ndi ena ambiri kuti aziphunzitsa mongoyembekezera, ataphunzitsidwa ntchitoyo masabata owerengeka. Tsopano anali atavala tayi ya bambo ake, yofika pansi pa lamba.

Pa buleki ndinamupeza kuseri kwa ofesi nkumumenya pa phewa. Ndinati, "Aise, ndiwedi?" Iye anayang'ana uku ndi uku kaye, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti kunja kwa mpanda tikhoza kukhala aise, koma muno ndizimuitana kuti Sala. Ndinaseka ndikuganiza kuti akucheza. Sanaseke nawo.

Masabata amenewo anandikwana. Kunkatentha, malata akulira pamwamba, ine thukuta kamukamu pa ngodya panga, mwendo ukungogwedezeka wokha. Ndikamva hutala ya minibasi kunja, mtima unkathamangira komweko. Sala anali pa mutu wa mitundu ya mawu. Ankalemba pa bolodi kuti nauni ndi dzina la chinthu, vebu ndi mawu ochita, adijekitivu ndi mawu ofotokoza chinthu, ndipo ana ankabwereza pamodzi ngati nyimbo ya ku Sande sukulu. Kenako anabwera pa malamulo a zilembo zazikulu: poyamba pa chiganizo, pa dzina la munthu, la malo, la tsiku, la mwezi. Monday chachikulu, October chachikulu, Zomba chachikulu. Ine ndinakweza mkono nkufunsa kuti nanga bwanji Monday, tsiku limene aliyense amadana nalo, likupatsidwa chilembo chachikulu, pamene mother, munthu wokubereka, akulembedwa ndi chaching'ono. Kalasi inaseka. Sala anati ndi lamulo, sanalipange ndi iye, ndikhale pansi.

Tsiku lina analemba mawu akuti paint, nkunena kuti mawu amodzi omwewo akhoza kukhala nauni pena, vebu pena. Apo ndinadzuka m'tulo. Penti ndinkamudziwa ine kuposa wina aliyense m'chipindamo: wa m'chitini ndi chinthu, ukamamupaka pa khoma ndi ntchito. Ndinamva bwino lomwe, ndipo ndinakhala wosangalala mpaka belu. Koma tsiku lotsatira anabweretsa mawu ena khumi, ine nkusokeranso. Zaka zinayi si masewera. Ana aja anali nazo m'mutu zimene ine ndinazisiya pa windo pamodzi ndi chikoti chija.

Tsono pa sukulu imeneyo panali kachitidwe kena ka Lachisanu, kamene ndinakasiya kalipo nkukapezanso kalipo. Aphunzitsi ankapereka ntchito ya mafunso khumi. Mukamaliza, makope a kumbuyo ankapita kutsogolo, a kutsogolo nkubwera kumbuyo, mwana aliyense nkuchonga kope la mnzake aphunzitsi akutchula mayankho. Kenako malikisi ankatchulidwa mokweza. Amene sanafike faifi ankapita kutsogolo kukaima pa mzere, ndipo amene wakhoza kuposa onse ankapatsidwa chikoti kuti awakwapule, zitatu zitatu m'manja. Panalinso lamulo lina pamwamba pake: wokwapulayo akamenya mosisita, mwina chifukwa ndi mnzake, aphunzitsi ankamulanda chikoticho nkumuonetsa kamenyedwe kake pa dzanja lake lomwe, kenako nkumubwezera kuti ayambirenso.

Ine ndinadziwa kuti zimenezo sindingazithe. Ma Lachisanu atatu oyamba ndinkazemba pa buleki, kudumpha pa mpata wa mpanda nkuthamangira ku Biwi kukagwira burashi. Koma ahedi ankapemphera mpingo umodzi ndi adada. Lamulungu lina titachoka ku tchalitchi, adada anandiuza ndivule malaya anga oyera. Anawapinda okha bwinobwino, anatsegula bokosi lija, nkuwaika pansi penipeni, nkutseka. Anati ayamba kundilongedzera pang'onopang'ono kuti tsikulo lisadzakhale la chipwirikiti. Amama anali pa khomo la kukhitchini, anangopukuta manja pa chitenje nkubwerera mkati.

Lachisanu lachinayi ndinakhala.

Sala analemba ziganizo khumi pa bolodi, zonse ndi zilembo zazing'ono. Ntchito yathu inali kuzikopera, kuika zilembo zazikulu pamene zikuyenera, ndi kulemba mzere pansi pa mavebu. Ndinayesa chiganizo choyamba ndi zilembo zazing'ono, koma pamene ndinkamaliza, anzanga anali pa chachisanu. Mtima unayamba kutentha. Ndinafufuta nkuyamba kulemba mmene dzanja langa linkadziwira, zazikulu zokhazokha, zowongoka, zofanana msinkhu ngati za pa khoma la golosale. Ndinkadziwa kuti si zimene akufuna. Koma ndinkati bola ndimalize, ndipo mumtima ndinkati mnzanga uja akaona kukongola kwake andimvera chisoni. Ndinaiwala kuti kope silipita kwa iye.

Linayenda m'manja m'manja mpaka kutsogolo, nkukafikira kamtsikana kena kakang'ono kuposa onse m'kalasimo, ka zaka mwina khumi ndi ziwiri. Ndinkakadziwa. Amayi ake ankagulitsa makala pa mphambano ya kwathu, ndipo tsiku la ndewu ya pa mpopi kanalipo, kataima ndi ndowa yake. Ndinakaona kakutsegula kope langa, kuyang'ana dzina pachikuto, nkutembenuka pang'onopang'ono kundiyang'ana.

Malikisi atayamba kutchulidwa, kamtsikanako kanali katakhoza zonse khumi. Langa litafika, mawu ake sanamveke, mpaka Sala anakauza kabwereze. Kanati thuu. Ziwiri zimenezo ndikuganiza kuti kanangondipatsa.

Tinaima kutsogolo anthu asanu ndi atatu, ine kumapeto, mutu wanga ukulekezera pamwamba pa bolodi. Sala anatenga chikoti pa tebulo, kanthambi ka bulugamu kosendedwa, nkukapatsa kamtsikana kaja. Sanandiyang'ane. Ine ndinali ndikudikira kuti anene kanthu, kuti wamkuluyu akasese panja kapena akakumbe dzenje la zinyalala, chilichonse. Kamtsikanako kanayamba ndi woyamba pa mzere, ndipo kankamenya bwino ndithu, kanali kozolowera. Ana ankalandira zawo nkumabwerera akupukusa manja, ena akuseka. Kenako kanafika pa ine.

Ndinatambasula dzanja, koma linali m'mwamba kwambiri, cha pa mphumi pake. Kanakweza chikoti nkungondigunda nacho pa zala ngati kakuchotsa ntchentche. Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena nkutsatira.

"Kodi ukumupukuta fumbi?" anatero Sala. "Bweretsa kuno."

Anakagwira dzanja nkukamenya kamodzi, chikoti mpaka kulira. Kamtsikanako sikanalire, kanangoluma mlomo nkupanira dzanjalo kukhwapa. Anakabwezera chikoti. Kanandiyang'ananso, maso atadzaza misozi, ndipo ndinaona kuti pa anthu awirife, kakuopa ine kuposa Sala. Kachiwiri kanamenya mofooka kuposa poyamba. Sala analandanso chikoti, nkukamenyanso pa dzanja lomwelo.

Zimene zinachitika m'thupi mwanga nthawi imeneyo ndimazidziwa bwino, chifukwa zandichitikira kambirimbiri. Makutu amayamba kulira, kenako manja amapepuka. Ndinayang'ana khosi lake lalitali lija ndi tayi ya bambo ake. Ndinkadziwa kulemera kwake munthu ameneyu, ndinamuberekapo kuwoloka madzi nthawi ya mvula tili ana. Dzanja limodzi likanakwana. Ndipo ulendo uno ndikanakhala ndi chifukwa chabwino, chakuti ngakhale amama akanandimvetsa: wamenya mwana wosalakwa kawiri pamaso panga. Phazi langa linali litasuntha kale.

Sindinganene kuti ndinaganiza mwanzeru. Chimene chinabwera m'maso mwanga ndi malaya oyera aja ali pansi pa bokosi, atapindidwa bwinobwino, ndi basi ya ku Mzimba pa depoti, anthu akukweza matumba pamwamba. Chinanso, ndinaona kuti ndikam'menya Sala, mawa ine kulibe, koma kamtsikanaka kadzakhala pomwepa, ndi Sala yemweyo, ndi chikoti china. Ndinaima choncho, mano ali gwa, osadziwa kopita ndi ukali wonsewo. Kenako ndinagwada. Mawondo anagunda simenti mwamphamvu moti ana a kutsogolo anadzidzimuka. Dzanja langa tsopano linali pa msinkhu wake.

Ndinati, "Menya."

Kanayankha monong'ona kuti ine ndekha ndimve. "Achimwene, mudzandimenya panjira."

"Sindikumenya. Menya ngati mbuzi yadya ufa wa amayi ako. Fulumira, mawondo akupweteka."

Kanapukuta mphuno ndi mkono, kanagwira chikoti ndi manja awiri, kanatsinzina, nkutsitsa. Anthuni, ana a ogulitsa makala ali ndi mphamvu. Choyamba chinandipeza pakati pa chikhatho, moto nkuthamanga mpaka m'chigongono. Chachiwiri chinagwera pa zala. Chachitatu kanali katatsegula maso, ndipo kanalunjika pomwe panagwera choyamba. Palibe anaseka. Ndinadzuka, ndinasansa fumbi pa mawondo ndi dzanja linalo, nkuyenda kubwerera ku ngodya yanga, ana akuchotsa miyendo m'njira.

Poweruka Sala anandiitana nditafika pa khomo. M'kalasi munali mutatsala awirife. Malaya ake anali atanyowa kukhwapa konse. Anayamba kundifotokozera kuti ofesi ya ahedi ili kuseri kwa khoma lomwelo, kuti iye ndi wongoyembekezera, ndipo akangomveka kuti akukondera mnzake wakale, kalasi yonse imukwera pamutu, ntchito nkutha. Anati sankadziwa kuti atuluka bwanji pa nkhani ija. Ine sindinamumvere chisoni, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire za dzanja la mwana uja. Ndinamuuza, ndikutchula Sala uja ndi mano, kuti Lachisanu likubwerali ndikhalanso pa mzere, ndiye chikoti agwire yekha, asatume ana. Anapukusa mutu nkunena kuti kachitidweko sanakayambitse ndi iye. Anati ngati sindikufuna kuti mwanayo avutike, ndipeze faifi basi.

Ndinatuluka. Ndinayenda mpaka ku Biwi dzuwa lili pamutu, ndikukankha miyala ndi zitini m'njira, ndikufuna wina angondigunda phewa kuti ndipeze poyambira. Palibe anandigunda. Madala anga anali ndi ntchito ya khoma la butchala, koma burashi inkagwa m'dzanja langa. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutsamira makwerero, akufunsa kuti kamtsikanako kali ndi zaka zingati, nkusekanso. Atatopa kuseka anatola choko nkulemba pa lata lakale zilembo zazing'ono zonse, kuyambira a mpaka z, zozungulira bwino ngati mazira. Zaka zinayi ndili nawo, sindinkadziwa kuti amazitha. Anati ankaphunzira ku mishoni, kumene ankamenyedwa ndi rula pa mfundo za zala, ndipo latalo ndilitenge, asandionenso kuntchito Lachisanu.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, lata kukhwapa. Adada anali ataweruka, atakhala pa khonde, nsapato atavula. Maso awo anapita pa dzanja langa lotupa ndisanapereke nkomwe moni.

"Wamenyana ndi ndani?"

"Sindinamenyane, adada."

"Nanga icho nchiyani?"

"Ndamenyedwa. Ku sukulu. Ndinalephera Chingerezi."

"Ndiye iwe unatani?"

"Palibe. Ndinagwada."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kupeza pamene pali bodza. Kenako anaitana amama nkuwauza kuti andipatse madzi ofunda a mchere. Za bokosi sanatchule. Lamulungu m'mawa ndinawauza kuti ndilibe chovala ku tchalitchi, iwo anandiponyera kiyi, ndinatulutsa malaya aja, ndipo titabwerako palibe anawabwezeramo.

Lachisanu lotsatira ndinapeza folo. Ndinagwada ndisanauzidwe, ndipo kamtsikana kaja kanamenya zenizeni kuyambira choyamba, kenako popita kukakhala kanandiuza mofulumira kuti mavebu ndimawasokoneza ndi ma adijekitivu. Ndinakwiya nako tsiku lonse. Lachisanu linalo ndinapeza sikisi. Sikuti zinthu zinasalala kuyambira pamenepo ayi. Ndinagwadanso kangapo chaka chimenecho, pa Chingerezi ndi pa masamu, ndipo kawiri konse ndinatuluka m'kalasi pakati pa phunziro kukazungulira bwalo la mpira mpaka makutu atasiya kulira. Mwendo wanga sunasiye kugwedezeka pansi pa desiki ija. Sala ndinkakumana naye ku msika, iye nkuyamba kumwetulira kuti tikhale aise, ine nkumupatsa moni wa Sala nkudutsa.

Bokosi linakhala pa khomo miyezi yonseyo, amama mpaka anayamba kuikapo beseni la mbale. Tsiku limene ndinalemba pepala lomaliza la mayeso a Sitandade 8, ndinafika kunyumba masana, ndinachotsa beseni lija, nkuyamba kulikoka bokosilo kupita kuchipinda kwa adada, likulira pa simenti. Adada anali pa mpando akuwerenga nyuzi. Anatsitsa nyuziyo pang'ono nkundiuza kuti ndilinyamule, ndikuwononga polishi wa amama.